Kapepala ka m'Chipewa cha Mumgodi

Chaneng, Lamulungu masana

Wokondedwa mwana wanga Tadala,

Ndikulemba kalatayi nditakhala panja, pa benchi lathu lopendama lija, chifukwa m'nyumba mulibe poponda. Amayi ako amwaza katundu wako ponseponse, ndipo chikwama chimene dzulo amati chakwana achitsekulanso kachitatu. Akuti ku Zomba kumazizira. Ndawauza kuti munthu wokulira m'chisanu cha Rustenburg sangaope ku Zomba, koma ukuwadziwa amayi ako, akayamba kupinda majuzi salankhulitsidwa. Mawa tikakuperekeza pokwerera, ndipo ndikudzidziwa ndekha: ndikangokugwira dzanja n'kunena kuti uyende bwino, basi. Pakamwa panga pamalemera pa nthawi yofunika. Ndiye ndati ndilembe. Uiwerenge basi ikadutsa malire.

Miyezi iwiri yapitayo, a kukoleji ya zaubusa atakutumizira mafunso oti uyankhe asanakulandire, unandipeza ndikuvula nsapato za kuntchito, n'kundifunsa kuti, "Adadi, Baibulo lonseli, kuyambira koyamba mpaka kothera, likunena chiyani kwenikweni? Nanga zonse zimene zachitika padzikoli zikulowera kuti?" Ine ndinaseka, ndinati zimenezo n'zimene ukupitira kusukuluko. Sindinaseke chifukwa chosowa yankho. Yankho ndili nalo, koma limandichititsa manyazi, pakuti lamangika pa nkhani imene sindinakuuzepo. Ndi nkhani yomweyo imene yachititsa kuti ufike zaka makumi awiri usanapondeko kwathu ku Ntcheu, ndiponso kuti azakhali ako aNambewe, achemwali anga aakulu, asamandilankhule. Tsopano ukupita ku dziko limene iwo ali, ndipo sindifuna kuti ukazimve kwa anthu.

Nditangofika kuno ku Joni, ndisanakumane ndi amayi ako, tinkagona amuna asanu ndi mmodzi m'kanyumba kamalata kuseri kwa mgodi. Aliyense anali ndi Baibulo lake, koma panalibe wowerenga. Tinkaombeza nalo. Munthu akafuna kudziwa ngati akalembedwe ntchito, ankatsinzina, n'kutsekula buku paliponse, n'kuloza ndi chala. Pamene chalacho chagwera, amenewo ndiwo mawu a Mulungu kwa iye tsiku limenelo. Vesi likakhala lokoma unkalikopera pa kapepala n'kukalowetsa m'kati mwa makarapa, chipewa cholimba chimene timavala polowa pansi chija, kuseri kwa lamba wake. Tinkati mwala ukagwa uyambe wakumana ndi mawu a Mulungu usanafike pamutu. Anzathu opita kwa asing'anga tinkawaseka kuti ngachikunja, chonsecho ifenso tinali asing'anga, kungoti ula wathu unali wa chikuto chakuda.

Ngakhale amayi ako ndinawaombezera. Usawauze, ngakhale ndikukayika ngati sakudziwa kale. Tsiku limene ndinkafuna kukawafunsira, chala chinagwera pa mwambi wa mkazi wolongolola amene ali ngati denga lodontha. Kenako ndinati mwina Mulungu sanamve bwino funso, n'kutseka buku kuti ndiyambirenso. Kachiwiri chinagwera pa mndandanda wa maina, wakuti anabala wakuti, wakutiyo anabala wakuti. Ndinati eya, ndiye kuti tidzabereka, n'kuvala malaya oyera, ulendo. Ukuona, Tadala? Sindinkafunsa Mulungu. Ndinkamuumiriza mpaka avomere zimene ndinali nditaganiza kale. Ulendo umenewo ndinachita mwayi, chifukwa amayi ako ndi dalitso lalikulu pa moyo wanga, ngakhale dengalo limadonthako masiku ena. Koma usatengerepo phunziro lolakwika. Baibulo si ula, mwana wanga. Uziliwerenga lonse.

Ulendo wina sindinachite mwayi. Iwe uli m'mimba, uthenga unabwera woti agogo ako, amayi anga ondibala, adwala kwambiri ndipo akungotchula dzina langa. Nthawi imeneyo ndinali nditangopeza kontirakiti yanga yoyamba ya pansi, mapepala anga asanalongosoke, ndipo ndinkadziwa kuti ndikatuluka malire mwina sindidzalowanso. Ndinaopa. Palibe mawu ena ofewetsera, ndinaopa basi. Ndinazengereza sabata imodzi, kenako yachiwiri, mpaka uthenga wina unafika woti amwalira, ndipo abale akudikira kumva ngati ndikubwera asanakumbe manda. Ndinatenga Baibulo. Koyamba chala chinagwera pa miyeso ya zipupa za kachisi. Ndinatseka. Kachiwiri chinagwera pa maina a mizinda imene sindinaimvepo. Kachitatu sindinatsinzine. Ndinkadziwa pamene pali mawu amene Yesu anauza munthu wofuna kukaika kaye atate ake, onena kuti akufa aikane okhaokha. Ndinavundukula masamba mpaka ndinawapeza, kenako ndiye ndinatsinzina n'kuikapo chala, ngati kuti Mulungu sakundiona.

Ndinaimbira foni aphunzitsi a m'mudzi mwathu, iwo n'kukawaitana azakhali ako. Ndinati, "Achemwali, ndafunsa Mulungu, ndipo wandiletsa kubwera." Ndinawauza vesilo. Azakhali ako anati, "Mulungu wake uti, Lameki? Amayi akhala akukupempherera mpaka mawu kuwathera. Amene amapemphera kwa iyeyo ndi wina, wako ndi wina." Sanakalipe. Anangopereka foni kwa mwini wake. Bulangeti limene ndinatumiza pambuyo pake linabwerera ndi munthu yemwe ndinamutumayo, lisanamasulidwe. Ine m'malo molira ndinakopera vesi lija pa kapepala n'kukaika m'makarapa, kuti nthawi iliyonse mtima ukanditsutsa ndizikhala ndi mboni. Madzi akatayika saoleka, Tadala. Amayi anga anaikidwa mwana wawo wamwamuna yekhayo kulibe, ndipo bodzalo ndinalinamizira Mulungu. Chimenecho ndicho chinthu choipitsitsa chimene ndinachita, ndipo mpaka lero chimandiwawa.

Munthu woyamba kundidzudzula sanali mbusa ayi. Anali Che Saidi, telala wa ku Zinniaville uja wochokera ku Mangochi, amene anakusokera yunifomu yako yoyamba. Tsiku lina ndikudikira buluku langa m'shopu mwawo, ndinatulutsa Baibulo kuti ndiombeze ngati tisamukire kuno ku Chaneng kapena ayi. Iwo anaimitsa makina, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anati, "A Mbewe, ife buku lathu timaliwerenga lonse, kuyambira koyamba mpaka kothera, mwezi wosala kudya uja. Inu lanu mumalijompha ngati nkhuku pa madeya. Akazi anu atakulemberani kalata, mungawerenge mzere umodzi wapakati n'kuitseka?" Ndinapsa mtima kuti Msilamu angandiphunzitse bwanji za buku langa. Ndinalanda buluku asanamalize kusoka, n'kupita nalo kwa telala wina, amene anadula mwendo umodzi kufupikirapo kuposa unzake. Ndinalivala choncho chaka chathunthu chifukwa cha matama, ndipo Che Saidi tikakumana ankangoyang'ana kumapazi kwanga. Wakutsina khutu ndi mnansi, mwana wanga. Kukolejiko akakuphunzitsa zambiri, koma usakanyoze munthu wokuuza zoona chifukwa choti sapemphera nawe.

Unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene mwala unandigwera pansi paja. Sunagwere pa makarapa pamene panali vesi, unasankha mwendo. Ukukumbukira momwe unkajambulira maluwa pa chikhakha changa? Miyezi itatu ndinali chigonere. Tsiku lina amayi ako anandiona ndikutsinzina, Baibulo lili m'manja, ndipo anandilanda, n'kutsekula tsamba loyamba, n'kundiikira pachifuwa. Anati, "Mwajompha zaka zonsezi. Lero mulibe kothawira, yambani apa." Ndinayamba chifukwa chosowa chochita, osati chifukwa cha chikhulupiriro. Malo ena ndinkagona tulo buku lili kumaso, makamaka pa malamulo a nsembe paja. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Nditadutsa pakati ndinayamba kuzindikira kuti amene ndinkayesa mavesi omwazikana ndi nkhani imodzi, ndipo ikupita kwinakwake.

Yankho la funso lako ndi ili, monga momwe analionera munthu wobowola miyala. Poyambirira penipeni Mulungu akuyenda m'munda, anthu ake abisala m'tchire chifukwa cha zimene achita, ndipo iye akuitana kufunsa kumene ali. Sanafunse chifukwa chosadziwa. Ankafuna kuti atuluke. Kuchokera pamenepo nkhani yonse ndi ya anthu ochoka kwawo. Achoka m'munda, abalalika pa nsanja imene ankamanga, aliyense ndi chilankhulo chake. Abrahamu akuuzidwa kusiya mudzi wa atate ake, ndi lonjezo loti kudzera mwa iye mitundu yonse idzadalitsidwa. Yosefe akugulitsidwa kunja. Zidzukulu zake zikuumba njerwa m'dziko la eni, pa kontirakiti yopanda tsiku lothera. Ndinkawerenga n'kumati anthu awa ndikuwadziwa, ndagona nawo m'kanyumba kamalata. Ndi matchona okhaokha.

Koma chimene chinandigwira mtima si kuchoka kwawoko. Ndi Mulungu amene sakuleka kuwatsatira. Atawatulutsa mu ukapolo, iwo akugona m'mahema m'chipululu, nayenso anati mundimangire hema pakati panu. Taganiza, mwini kumwamba kupempha malo m'komboni. Atamukana, n'kutengedwa kupita ku dziko lina, anawatumizira aneneri kukawauza kuti adzawasonkhanitsa. Pomaliza sanatumenso munthu, anabwera yekha. Yesu anabadwira paulendo, anawoloka malire ali khanda makolo ake akuthawa, anafera kunja kwa mzinda atasenza milandu ya ife obisalafe, n'kuuka kuti njira yobwerera itseguke. Ndipo pa tsamba lomaliza pali mzinda, muli anthu a mtundu uliwonse ndi chilankhulo chilichonse, palibe wofunsidwa mapepala, ndipo Mulungu akukhala pakati pawo, akuwapukuta misozi. Funso la m'munda lija layankhidwa. Ndiye ngati aphunzitsi ako akafuna mawu ochepa, ukawauze kuti bambo ako amati: Mulungu akufuna kukhala ndi anthu ake, ndipo kudzera mwa Khristu akusonkhanitsa onse obalalika kuti abwerere kwawo, ulemu wonse ukhale wake. Iwo akakupatsa mawu aakuluakulu onenera zomwezi, ukawalandire bwino. Koma ukaona chiphunzitso chikulekanitsa mwana ndi maliro a amayi ake, ukadziwe kuti wina wajompha vesi.

Mawu aja onena za akufa ndinawapezanso pamalo pake. Yesu ankauza munthu wozengereza kuti kumutsata iye sikudikira mawa. Sankapereka chilolezo kwa munthu wamantha ngati ine. Yesu yemweyo analira pa manda a bwenzi lake, ndipo ali pamtanda anayamba waonetsetsa kuti amayi ake apeza wowasamala. Nditawerenga pamenepo ndinatembenukira kukhoma kuti iwe usaone nkhope yanga.

Unafunsanso za mbiri ya dziko, kuti ikulowera kuti. Apa ndingokuuza zimene ndinaona kuntchito. Ife obowola sitiona mapu a mgodi. Oyeza amabwera n'kupaka penti yofiira pa thanthwe, ife n'kubowola pamene palozedwapo, tsiku ndi tsiku, osadziwa chimene chili kutsogolo. Chaka china tinakumba ngalande miyezi yambiri, tikudandaula kuti tikungoboola phiri popanda tanthauzo. Sitinkadziwa bwino kuti gulu lina likukumba kuchokera mbali ina. Tsiku lina titazimitsa makina tinamva kugogoda m'kati mwa thanthwe. Patapita masiku angapo, utsi wa zophulitsa utatha, tinapeza kabowo, ndipo munatuluka dzanja la munthu. Anali mkulu wina wa ku Lesotho, sitinkamvana bwino chilankhulo, koma tinagwirana chanza pa kabowo pomwepo tikuseka ngati ana. Panali munthu amene ankadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti tidzakumana pamenepo. Ndimakhulupirira kuti mbiri ya anthu ili choncho. Maufumu amadzuka n'kugwa, migodi imatsekulidwa n'kutsekedwa, anthu amasamuka, koma mapu ali ndi Mulungu, ndipo malo okumanirana ndi Khristu.

Koma usamale ndi mawu amenewa, chifukwa ine ndinapweteka nawo munthu. Nditachira ndinasanduka katswiri, aliyense ndinkafuna kumufotokozera Baibulo lonse asanamalize kumwa tiyi. Mnzanga wina wa gulu lathu, Mtswana wa ku Mabeskraal, atafera pansi, tinapita kumaliro, ndipo ine ndinakagwada pamaso pa mkazi wake n'kuyamba kumuuza kuti zonse zili m'mapu a Mulungu. Mayiyo anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandifunsa motsitsa mawu ngati m'mapumo mwalembedwa chimene akawauze ana ake atatu. Ndinadzuka n'kubwerera kukakhala pakati pa anzanga. Wopaka penti si iwe, Tadala, ndipo mapuwo sunawaone. Chimene tapatsidwa ndi kudziwa kumene nkhani ikathere, osati chifukwa cha msozi uliwonse. Ukadzafika pa maliro monga mtumiki, uziyamba wakhala pansi n'kulira nawo. Mawu adzabwera tsiku lina.

Tsopano ndafika pa cholakwa chomaliza, chimene ndikadali nacho pamene ndikulemba pano. Papita zaka khumi ndi zitatu chiwerengereni buku lija lonse. Ndalalikira nkhani ya Mulungu wofunafuna matchona m'mapemphero athu a Amalawi kambirimbiri, anthu akuomba m'manja, ena akulira. Mapepala anga analongosoka kalekale. Mabasi amanyamuka sabata iliyonse. Koma ine sindinapite. Chaka chilichonse ndimati Khirisimasi ikubwerayi, ikafika ndimapeza chifukwa. Zoona zake n'zoti ndimaopa maso a achemwali anga. Ndinkadziwa nkhani yonse ya Baibulo, koma ndinali ndikadali m'tchire muja, ndikumva kuitana, osatuluka. Ndipo kapepala kaja ndakhala ndikukasamutsa kuchoka m'chipewa chakale kupita m'chatsopano, osati chifukwa chokakhulupirira, koma chifukwa sindinkadziwa kokataya. Usadzakhale mlaliki wa mtundu wanga, wodziwa njira yonse ya kumudzi koma osakwera basi. Funso lako lija ndi limene landivundumula. Mwana wanga akukaphunzira kuuza anthu kuti bwererani, bambo ake ali mtchona wa dala.

Ukatsekula bwino envulopuyi upeza kapepalako. Kada ndi thukuta, ndipo zilembo zake zatsala pang'ono kufufutika. Lachisanu ndinakachotsa, ndipo dzulo ndinalowa pansi koyamba m'zaka makumi awiri chipewa chili chopanda kanthu. Ndikukupempha chinthu chimodzi, ndipo ndikudziwa kuti ndikukusenzetsa katundu amene si wako. Ukapuma koyamba kusukuluko, ukakwere minibasi ya ku Ntcheu. Amayi ako akulembera potsikira ndi dzina la mudzi. Ukafunse kwa aNambewe. Ukafika ukagwade, usakalankhule Chingerezi chako cha ku Joni, ndipo akakupatsa madzi ukalandire ndi manja awiri. Iwe sakakubweza ngati bulangeti lija, ndiwe magazi awo ndipo mphuno yako ndi ya amayi athu. Akakulandira, ukawapatse kapepalako, achite nako chimene afuna, ngakhale kukolezera moto. Maso awo ndamva kuti anafooka, ndiye ukawawerengere ndime yotsatirayi mokweza, mawu ake monga momwe alili, osakonza kanthu.

Achemwali, ndine Lameki. Mulungu sanandiletse kubwera ku maliro a amayi. Vesi lija ndinalifunafuna ndekha maso ali otsekula, chifukwa ndinkaopa kutaya ntchito, ndipo ndinakunamizani inu, n'kunamizira Mulungu. Munandifunsa kuti Mulungu wake uti. Munanena zoona, wanga anali wina, wodzipangira ndekha. Amene amayi ankapemphera kwa iye ndamupeza mochedwa, ndipo wakhala akundiitana zaka zonsezi. Tchuthi cha mwezi wa Disembala ndalembetsa kale kuntchito, ndikubwera. Sindikupempha kuti mundikhululukire ndisanafike. Mukafuna kundikalipira mudzandikalipire pamaso, ndidzakhala pansi ndi kumva zonse. Ndikungopempha kuti mudzandilozere pamene anagona amayi.

Zatha pamenepo, Tadala. Zimene akayankhe ukandiuze monga momwe anenera, zokoma kapena zowawa. Ngakhale akakhale chete, ine ndibwerabe.

Amayi ako akundiitana kuti ndikakhale pa chikwama kuti zipi itsekeke. Uzidya mokwanira, uzitiimbira, ndipo majuzi onsewo uwatenge kuti m'nyumba muno mukhale mtendere. Baibulo lako uziliwerenga lonse, mwana wanga, ndipo ukamva likuitana, usachedwe ngati ine.

Mulungu amene sanatope nane akuperekeze mpaka ukafike.

Ndine bambo ako okukonda,
Lameki